Mamita Anayi a Amayi

9 Malichi

Mzime wanga,

Ndikhulupirira kuti unafika bwino. Kuno tilipo, monga mmene anthu amakhalira pakatha milungu itatu.

Usadzidzimuke ndi envulopuyi. Ndikudziwa kuti ukaona dzanja la bambo ako pamwambapo mtima ugunda. Sanauke. Lachiwiri ndinkakonza m'kabati mwawo ndipo ndinapeza mulu wa maenvulopu womangidwa ndi mphira, onse atalemba kale adiresi yako ya kusukuluko, masitampa atamata molunjika ngati anachita kuyeza ndi rula. Zaka makumi atatu ndi zinayi za ku positi ofesi sizichoka m'manja mwa munthu. Ndiziwagwiritsa ntchito. Bambo ako sankalola envulopu kuwonongeka, ndipo sindiyamba lero kuwakwiyitsa.

Komanso foni yandikwana. Iwe umati "muli bwanji", ine ndimati "ndili bwino", kenako timangopumirana m'makutu mpaka wina aname kuti batire latha. Papepala ndikhoza kuima, kukamwa madzi, n'kubweranso.

Nkhani za kuno ndi izi. Mchimwene wako Chisamba amabwera Loweruka lililonse akatsitsa katundu. Amaimika chilole chake chija pageti n'kufunsa ngati pali chowonongeka. Chikasowa, amawononga yekha kuti apeze chokonza. Sabata yatha anamasula mpopi wa kubafa womwe sunkadontha. Tsopano ukudontha.

Nkhuku ya aneba, yamawanga ija, yayamba kuikira m'chipewa cha bambo ako cha ku positi, chomwe chinatsala pakhonde. Ndawauza aneba kuti nkhuku yawo yalembedwa ntchito m'boma, ayembekezere penshoni.

Tsopano za iwe. Obwera kudzandipepesa amafunsa kuti mwana wanu wamkazi akuphunzira chiyani kutaliko, ine n'kuyankha kuti akuphunzira za ukalamba. Amati, "Mtsikana wa zaka 27? Akanangodikira, akanazidziwa kwaulere." Ndaphunzitsa ana moyo wanga wonse ndipo sindikonda kupereka yankho lomwe ineyo sindikulimvetsa. Ndilembere bwinobwino: ukadzuka m'mawa, manja ako amagwira chiyani? Bambo ako ankazidziwa zonsezi, koma ankandifotokozera ine ndili m'kati mwa buku, ndiye ndinkangoti "eya, eya".

Uzidya. Usamatuluke ndi tsitsi lonyowa.

Ndine,
Mayi ako


22 Malichi

Amayi okondedwa,

Ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti mulipo. Munandichenjeza m'kati mwa kalata, koma munthu amayamba waona kunja. Ndinakhala pamasitepe a hositelo envulopu ili m'manja mpaka mlonda anandifunsa ngati ndataya kiyi. Komabe pitirizani kuwagwiritsa ntchito.

Mwafunsa za manja anga. Tilipo khumi ndi awiri, tonse ongoyamba kumene ntchito ya kafukufuku. Chaka chino akutiphunzitsa kufufuza zomwe zimachitika m'thupi likamakalamba, ndi chifukwa chake matenda ena amadikira kuti munthu akule kaye. Vuto n'lakuti munthu amachedwa kukalamba, ndiye timayambira pa tinyongolotsi tochepa kuposa kachidutswa ka ulusi, tomwe moyo wawo wonse sumapitirira kwenikweni milungu itatu. Tinyongolotsito timakhala m'timbale tapulasitiki. M'mawa ndimakhala pa maikulosikopu, kawaya kopyapyala kali m'dzanja. Kanyongolotsi kakangokhala chete, ndimakakhudza pang'ono pamutu. Kakagwedezeka ndimalemba kuti kali moyo. Kakapanda kugwedezeka ndimakakhudzanso, kenako ndimalemba tsiku. Tating'ono timayenda mokhotakhota ngati Achimwene akamavina. Tokalamba timangogwedeza mutu ngati Bambo akamamvera nkhani pa wailesi.

Tina timakwera m'mphepete mwa kambale n'kusowa. Timeneti saloleza kutilemba kuti tafa, chifukwa palibe anaona. Tili ndi mzere wawokha m'buku, wa osowa. Chibwerere kuno, mzere umenewu ndikumauyang'ana nthawi yaitali.

Lachinayi timapita ku kiliniki ya okalamba kukaphunzira kuyeza anthu enieni. Timayeza mphamvu ya dzanja, nthawi yomwe munthu amatenga kuyenda mamita anayi, ndi kudzuka pampando kasanu osagwirira. Zimaoneka ngati masewera, koma zimatha kusonyeza kuti munthu wayamba kufooka mwiniwake asanazindikire.

Wotiyang'anira ndi pulofesa wamfupi yemwe timawatcha Mayi Bwerezanso. Ukawaonetsa zotsatira zokongola amangofunsa kuti, "Wayeza kangati?" Ukati kamodzi, amakubwezera pepala osaliwerenga. Andiuza kuti akufuna ndipitirize nawo kafukufuku zaka zina ziwiri. Pali fomu yoti ndisaine pofika pa 30 Juni, ndipo ndikapanda kutero malowo apatsa wina. Bambo ndinawauza zimenezi pa foni mu Januwale. Anangoti "chabwino", basi, n'kuyamba kufunsa ngati kuno kukugwa mvula.

Inu mukudya? Mukugona? Mankhwala a kuthamanga kwa magazi aja mukumwa?

Mwana wanu,
Mzime


11 Febuluwale

Mzime wanga,

Landira moni wa kuno. Ndikudya, ndikugona, mankhwala ndikumwa. Mafunso atatu, mayankho atatu, undipatse malikisi.

Kalata yako ndaiwerenga kawiri, kachitatu ndinawawerengera aneba. Iwo akuti ngati ntchito yake ndi yokhudza nyongolotsi pamutu, m'dimba mwawo zilimo zambiri, sukanavutika ndi ulendo. Ine ndamvetsa. Za mzere wa osowa ndazimva. Sindinenapo kanthu lero.

Mayi Bwerezanso ndawakonda ndisanawaone. Tikanakhala sukulu imodzi, ana akanatithawa tonse awiri.

Ndikuuze za nkhuku ya aneba, yamawanga ija. Yayamba kuikira m'chipewa cha bambo ako cha ku positi, chomwe chinatsala pakhonde. Ndawauza aneba kuti nkhuku yawo yalembedwa ntchito m'boma, ayembekezere penshoni.

Mpopi ukudonthabe. Chisamba akuti akudikira sipanala ina. Ndaikapo beseni ndipo madziwo ndikuthirira maluwa, choncho m'bale wako wandipezera ntchito osadziwa.

Dzulo ndinathira tiyi m'makapu awiri. Ndinamwa onse.

Ndayambanso buku lalikulu lija lomwe bambo ako ankati ndiye mwamuna wanga weniweni. Ndikuyenda nalo pang'onopang'ono, chifukwa masiku ano ndikawerenga masamba asanu mutu ukumawawa.

Za fomu ya mu Juni, dzanja losainira ndi lako. Ine sindiikapo mlomo.

Ndine,
Mayi ako


20 Epulo

Achimwene,

Muli bwanji? Alamu ndi ana ali bwanji? Kalata iyi musawaonetse Amayi.

Ndili ndi nkhawa. Kalata yawo yafika dzulo. Chidindo cha ku positi chikuti 12 Epulo, koma iwo alemba 11 Febuluwale. Nkhani ya nkhuku andiuza kachiwiri ngati yatsopano, mawu ake omwewo. Zilembo zawo zija zinkaima pamzere ngati ana pa asembule, koma tsopano ndi zikuluzikulu ndipo zikutsetserekera kumanja. Akutinso mutu ukuwawa. Izi n'zomwe timaphunzira kuno, Achimwene. Chimodzi pachokha si kanthu, koma zinayi m'kalata imodzi sindingazilekerere.

Ndikufuna muwayeze Loweruka likubwerali. Musaseke. Muyeze mamita anayi pamalo osalala, muwauze ayende monga amayendera masiku onse, inu muwerenge masekondi pa wotchi ya pa foni. Akapitirira masekondi asanu ndiye kuti pali nkhani. Kenako akhale pampando, apinde manja pachifuwa, adzuke n'kukhalanso kasanu, inu mukuwerenga nthawi. Chida choyezera mphamvu ya dzanja mulibe, ndiye muwapatse botolo la jamu atsegule, muone ngati akuvutika.

Musawauze kuti ndi mayeso, angakwiye. Pezani chonamizira. Mulembe manambala monga mmene alili, osawakometsa. Ndikudziwa kuti mukauzidwa kuti mufike 8 koloko mumafika 10 n'kunena kuti wotchi yanga ndi yothamanga, koma ulendo uno mundithandize.

Mlongo wanu,
Mzime


6 Meyi

A Dokotala a Nyongolotsi,

Tilipo. Alamu ako akupereka moni, ana akufunsa ngati nyongolotsizo zimadyedwa.

Ntchito yako ndagwira. Loweruka loyamba ndinaiwala, lachiwiri ndinapita ndi tepi yanga yoyezera katundu. Ndinawauza Amayi kuti ndikufuna kuwagulira kapeti ya mu kolido. Anati, "Ukonze kaye mpopi." Ndinayeza mamita anayi kuchokera pachitseko cha kuchipinda kwawo mpaka polowera pabalaza. Ndinati tayendani tione ngati kapetiyo idzakukwanani. Anandiyang'ana ngati mmene ankandiyang'anira ndikabwera ndi lipoti la sukulu, koma anavomera. Poopa kuti angagwe pa mayeso ako, ndinayenda nawo pambali, ndinawapatsanso mkono. Kunkazizira, ndinali nditavala jekete la Bambo lija. Landikwana ndendende, mimba yokha ndiyo ikukana mabatani.

Masekondi 11. Pakati pa njira, pawindo paja, anaima kaye pang'ono. Sindinaimitse wotchi, paja unati osakometsa.

Za mpando. Mipando ya kukhitchini ndinali nditaipaka penti m'mawa womwewo, inali pakhonde, ndiye ndinawakhazika pampando wa Bambo wa pabalaza. Anakhala, n'kupinda manja monga ndinawauzira. Ndinati dzukani. Sanadzuke. Ndinadikira mphindi ziwiri zathunthu. Kenako anati, "Zimitsa chiwotchi chakocho, ukaike ketulo pamoto." Ndiye pamenepo sindikudziwa kuti ndilembe nambala yanji. Lemba ziro.

Botolo la jamu linawakanika. Ndinayamba ndalimanga ndekha bwinobwino kuti mayeso akhale enieni.

Ine sindinaphunzire zako zija, koma ndikuona ngati Amayi ali bwino. Dzulo lake anali atandilalatira za mpopi kwa theka la ola osapuma, osaiwala ngakhale mfundo imodzi, mpaka anafika pa njinga yomwe ndinaphwasula ndili ndi zaka khumi. Koma manambala ndi amenewo, iwe ndiye mwini wake.

Usandilemberenso zinthu zoti ndizinamiza Amayi. Kapetiyo tsopano akuifuna, yabuluu.

Mchimwene wako,
Chisamba


17 Meyi

Amayi okondedwa,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino. Ine ndili bwino m'thupi.

Ndiyambe ndi kuulula. Kapeti ija inali bodza langa. Ndine ndinawatuma Achimwene kuti akuyezeni, chifukwa cha tsiku lomwe munalemba molakwika, nkhani ya nkhuku yomwe munaibwereza, zilembo zanu, ndi mutu womwe ukuwawa. Manambala andipeza ndipo si abwino. Mamita anayi munayenda masekondi 11. Pampando simunathe kudzuka. Botolo linakukanikani.

Ndaganiza, Amayi. Fomu ija sindisaina. Ndimaliza mwezi wa Juni, kenako ndikubwera kudzakhala nanu. Ntchito ya uphunzitsi ndikhoza kuipeza pafupi. Nyongolotsi sizidzatha padziko, koma mayi ndili naye mmodzi.

Musandikanize. Sabata yatha ndinayala makalata onse a Bambo pabedi motsatira miyezi. Kuyambira mu Novembala, pamene munandiuza kuti "angogwa pang'ono kubafa", zilembo zawo zinayamba kuchepa ndi kugwera pansi pa mzere. Mwana wa chaka choyamba pa maphunziro athu akanaona. Ine ndinkawerenga makalatawo ndikudya buledi, n'kuseka nthabwala zawo, n'kubwerera ku maikulosikopu kukayang'anira ukalamba wa nyongolotsi. Ndinkatha kuona kanyongolotsi kakayamba kufooka ndi tsiku limodzi lokha, koma bambo anga sindinawaone. Sindichitanso zimenezi kachiwiri.

Munati simuikapo mlomo pa za fomu. Ndamva zomwe simunafune kunena.

Mayi Bwerezanso sindinawauze. Ndikuopa nkhope yawo. Ndiwauza sabata yomaliza.

Mundiyankhe msanga, ndipo munene chomwe ndikubweretsereni. Chipinda changa musachikonze, ndidzakonza ndekha.

Mwana wanu,
Mzime


9 Juni

Achimwene,

Moni mwachidule. Papita milungu itatu Amayi osandiyankha. Dzulo ndinawaimbira. Akuti, "Zonse ndinanena m'kalata ya pa 27 Meyi, sindibwereza, paja kubwereza ndi matenda." Kenako anayamba kufunsa ngati ndikudya.

Achimwene, kulibe kalata. Ndafunsa kwa mlonda, ndafunsa ku ofesi, ndapita mpaka ku positi. Tsopano ayamba kukumbukira zinthu zomwe sizinachitike. Mabuku ndalonga kale m'makatoni awiri. Mudzandichingamire pa 2 Julayi, ndipo ulendo uno 8 koloko ikhale 8 koloko.

Mlongo wanu,
Mzime


14 Juni

Mzime,

Usakalipe, werenga kaye.

Kalata ya Amayi inalipo. Anandipatsa pa 27 Meyi kuti ndikaponye. Ndinaiika kuseri kwa kotchingira dzuwa m'lole kuti isadetsedwe. Masiku onsewa kunali mitambo. Lero dzuwa lawala, ndatsitsa kotchingirako, yandigwera pamiyendo. Ndiye wokumbukira zomwe sizinachitike si Amayi, ndi ine, chifukwa ndinkakumbukira bwinobwino kuti ndinaiponya.

Ndaiika m'kati muno osaitsegula, ndipo ndatumiza pa zamsangamsanga. Amayi musawauze, iwe ndi pulofesa wakoyo. Mpopi ndakonza. Tsopano ukulira ukamatsegulidwa, koma sukudontha.

Ngati muli ndi mayeso a madalaivala oiwalaiwala, ndilembetse.

Chisamba


27 Meyi

Mzime wanga,

Ndili bwino, ndipo ulendo uno ndili ndi umboni. Khala pansi. Ndikuchongera ntchito yako monga ndinkachongera za ana, ndipo cholembera chofiira ndili nacho pafupi.

Za tsiku. Kalendala ya pakhoma ankatembenuza ndi bambo ako, pa 1 mwezi uliwonse, asanamwe tiyi. Inaima pa Febuluwale. Tsiku ndinalidziwa, mwezi ndinakopera pakhoma. Lamlungu ndatembenuza masamba atatu nthawi imodzi. Chaka chathamanga.

Za nkhuku. Ndinabwereza chifukwa sunaseke. Nthabwala ija ndinaiganiza masiku awiri, iwe n'kuyankha za mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Bambo ako akanaseka mpaka kutsokomola. Ndinati mwina mwanayu sanaione, ndimupatsenso mwayi.

Za zilembo ndi mutu. Magalasi anga ali bwinobwino m'chikwama. Ndakhala ndikuvala a bambo ako, aja anawamanga mwendo ndi ulusi. Ndi amphamvu kwambiri, zinthu zonse zimaoneka zopindika ndi zofewa. Tsopano ndamvetsa chifukwa chake ankati sindikukalamba. Ndi uchitsiru, ndikudziwa, ndipo ndawavula. Taona zilembo izi, zabwerera pa asembule.

Botolo la jamu analimanga mchimwene wako ndi manja omangira matayala a lole. Ndinalithira madzi otentha, linatseguka. Amene akufunika kuyezedwa ndi iyeyo, ndipo osati dzanja.

Tsopano mamita anayi. Kolido ija, kuchokera kuchipinda kukafika pabalaza, ndinaiyenda ndi bambo ako m'mawa uliwonse kuyambira mu Novembala, iwo atatsamira pamkono wanga. Pawindo ankaima, amvekere akuyang'ana ngati kuli mvula, chonsecho akupuma. Ndiye Chisamba wabwera atavala jekete lawo, msinkhu womwewo, n'kundipatsa mkono pamalo omwewo. Unkafuna ndithamange? Miyendo inayenda monga inazolowera, ndipo pawindo inaima yokha. Masekondi 11 amene aja si anga, mwanawe. Munayeza bambo ako.

Za mpando sindinauzepo aliyense wa inu. Mumadziwa kuti anamwalira tikuthamangira nawo kuchipatala. Zoona zake n'zakuti ndinawakhazika pampando uja m'mawa, ndinawatsegulira wailesi, n'kupita kukatenga tiyi. Pobwera ndinawapeza ali chete, mutu utapendekera kumbali. Ndinawakhudza pamphumi. Ndinawakhudzanso kachiwiri. Zakuchipatala zinali zongokwaniritsa. Chichokereni iwo, mpandowo unali usanakhalidwe, mpaka tsiku lomwe mchimwene wako anandikhazikapo ndi wotchi m'manja. Mafuta awo a m'mutu akumvekabe pansalu. Kudzuka ndikanatha, kungoti sindinafune.

Unalemba kuti osowa simuwalemba kuti afa chifukwa palibe anaona. Ine ndinaona. Sanavutike. Uwachotse bambo ako pamzere wa osowa uja, ulembe tsiku.

Ndipo usadzinamizire mlandu wa zilembo zawo. Ndinkaziona ine patebulo pano, adokotala ankaziona, iwo eni ankaziona. Anali pa mankhwala, zonse zoyenera zinachitika. Ndi iwo anatiletsa kukuuza. Anati, "Akadziwa asiya sukulu, mwana ameneyu ndimamudziwa." Ukuona kuti ankakudziwadi.

Popeza Mayi Bwerezanso salandira za kamodzi, ndabwereza. Tinayeza mamita anayi mumsewu pageti ndi tepi ya aneba yosokera. Aneba anagwira wotchi ataima patali, manja awo ali kwawo. Masekondi anayi, anayi, ndi asanu. Ulendo wachitatuwo nkhuku ya boma ija inadutsa. Pampando wa kukhitchini ndinadzuka kasanu m'masekondi 12, ndipo penti ya Chisamba yatsala pasiketi yanga. Ndinapitanso kuchipatala, osati chifukwa cha iwe ayi, chifukwa cha bondo lakumanzere. Akuti bondo ndi la zaka 66, mutu ulibe vuto, ndibwerenso mu Ogasiti.

Ndikukalamba, sindikukana. Tsiku lina ndidzakufuna pafupi, ndipo ndidzakuuza momveka, osati kuti uzichita kufufuza m'zilembo. Tsikulo silinafike. Ndinati sindiikapo mlomo chifukwa ndinkafuna usankhe wekha, osati kuti ubwere kudzandikhudza pamutu ndi kawaya m'mawa uliwonse.

Chomaliza. Tembenuza envulopuyi uyang'ane adiresi. Ukuona mmene ikugwera pansi? Si ya mumulu woyamba uja. Woyamba unali wa chaka chino, anaulemba dzanja likadali bwino. Sabata yatha ndapeza wina m'bokosi la nsapato, maenvulopu 24. Mu Januwale, utawaimbira za zaka ziwiri zija, iwo n'kungoti "chabwino", anakhala patebulo masiku anayi. Ine ndinkayesa akusanja mapepala akale. Ena anawalemba kawiri pomwe dzanja linaterereka, koma masitampa onse ndi olunjika.

Atsala 23, onse a adiresi ya kusukuluko. Ukabwera kudzakhala kuno, ndizilembera ndani? Nyongolotsi?

Ndine,
Mayi ako


27 Juni

Amayi okondedwa,

Moni. Kalata yanu yafika, mochedwa pang'ono, pa zifukwa zomwe ndalonjeza kuti sindinena. Mukawaona Achimwene, afunseni za nyengo.

Choyamba, nkhuku. Ndaseka, Amayi. Ndasekera pamasitepe mpaka mlonda wafunsanso za kiyi. Muwauze aneba kuti ikakwezedwa pantchito ndimve.

Ndinatenga manambala onse, a Achimwene ndi anu, n'kupita nawo kwa Mayi Bwerezanso. Ndinawauza zonse, za makatoni zomwe. Anayang'ana pepala la Achimwene n'kufunsa kuti, "Woyeza anaima pati?" Ndinati pambali, atawapatsa mkono. "Wayeza kangati?" Ndinati kamodzi. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ndiye unkafuna kusiya ntchito pa nambala imodzi?" Atawerenga anu anati ngati mukufuna malo, atha kulandira wophunzira wa nambala 13, koma nkhuku isalowe m'labu. Anandiuzanso kuti Lachinayi likubwerali ndifotokozere anzanga nkhani imeneyi, osatchula maina, kuti adziwe kuti asanayambe kuwerenga masekondi azifunsa kaye munthu kuti panjirayo ankayenda ndi ndani.

Fomu ndasaina lero m'mawa. Mabuku ndawabwezera pashelefu. Tsiku la Bambo lija ndalilemba, kuseri kwa envulopu ya adiresi yotsetsereka ija, ndipo ndaiika m'buku langa la ntchito.

Za ku chipatala mu Ogasiti mudzandilembere zonse, zabwino ndi zoipa zomwe, m'magalasi anu. Munalonjeza kuti tsikulo likadzafika mudzanena momveka. Ndasunga tsamba limenelo.

Ndibwera pa tchuthi mu Seputembala, milungu iwiri. Ndikafika ndikufuna kukhala pampando uja pang'ono. Muwauze Achimwene asabwere ndi wotchi.

Mwana wanu,
Mzime